Tithandizeni kutchinga dambo la kuseri kwa sukulu

Makolo athu, atsogoleri a mipingo, ndi inu nonse amene munaphunzira pano,

Ndife komiti ya makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ya pulayimale ya kuno ku Lusaka, kufupi ndi mtsinje wa Ngwerere. Kuseri kwa makalasi kuli dambo, ndipo m'mphepete mwake tinakumba madamu awiri a nsomba. Ana ndi amene amazidyetsa gaga ndi masamba a m'dimba. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, boma likatseka usodzi m'mitsinje ngati Kafue, nsomba zimadula pamsika. Nthawi imeneyo ndiyo timakolola zathu. Zina ana amadyera nsima, zina timagulitsa n'kugula choko ndi sopo.

Tsopano dambo likutha tikuona. Usiku kumabwera magalimoto kudzatayamo zinyalala ndi zidutswa za mabuloko. Ena ayamba kale kukhoma zikhomo, akuti ndi mapuloti. Sitikutchula munthu, iwo eni akudzidziwa.

Amene amati dambo ndi malo ongokhala sanaganize kumene madzi a mvula amapita. Dambo limamwa madziwo, bango ndi udzu zimasefa matope, kenaka limawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Chilala cha 2024 chitaumitsa chimanga m'minda, madamu athu anaphwera koma sanaume. Mukalikwirira, madzi adzafuna njira ina, ndipo njirayo ndi m'nyumba mwanu ndi m'zimbudzi. Anzathu a ku Kanyama angakuuzeni bwino. Kuno ku Lusaka madzi apansi ali pafupi, ndipo miyala yake ndi ya mphako, choncho chonyansa chikalowa pansi sichichedwa kufika pachitsime. Tonse tikukumbuka kolera ya 2024, odwala atadzaza ku Heroes Stadium, ana athu n'kuchedwa kutsegulira sukulu.

Chachikulu chimene tikupempha ndi waya ndi mapolo otchingira mbali ya kumsewu, kumene magalimoto amalowera. Amene ali ndi wilibala, fosholo kapena jombo atibwereke, tidzabweza. Zinyalala tikachotsa tidzafuna mbewu ya nsomba, ndipo tikufunafuna galimoto yotiperekeza ku Chilanga, ku ofesi ya boma yoona za nsomba, tikafunse uphungu. Ngati pakati panu alipo wodziwa kuyeza madzi, abwere msanga. Sitikufuna kudyetsa ana nsomba za m'madzi amene sitikuwakhulupirira, ndipo kukolola taimika kaye.

Kalata yopita ku khonsolo ndi ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, talemba kale, ikudikira masiginecha anu ku ofesi ya ahedi. Wopereka ndalama alandire lisiti pomwepo, asapatse munthu panjira.

Ntchito yotola zinyalala ndi Loweruka lililonse, 7 koloko m'mawa. Ana asabwere opanda nsapato, muli magalasi osweka.

Ndife anu,
Komiti ya makolo ndi aphunzitsi