Kalata yotseguka kwa a Phungu a dera lathu: ufa wa "shuga wopha khansa" watisaukitsa

Olemekezeka a Phungu,

Ndakulemberani kawiri, ku ofesi kwanu ndafikako katatu, yankho n'lakuti muli ku Lilongwe. Lero ndalemba poyera.

Achimwene anga ali ndi chotupa cha muubongo chomwe madokotala amati glioblastoma. Anali mphunzitsi wa masamu. Lero supuni imawapulumuka m'manja, ndipo mwana wawo wamkazi amamuitana dzina la malemu amayi athu. Kunabwera bambo wina ndi timabotolo ta ufa woyera, ati "shuga wopha khansa" wa akatswiri akunja, n'kuwaonetsa alamu anga nkhani pa foni. Alamu anagulitsa mbuzi zinayi ndi njinga. Usiku uliwonse ankasungunula ufawo m'kapu n'kumawamwetsa pang'onopang'ono, uku akupemphera. Mankhwala akuchipatala anawasiyitsa milungu itatu poti wogulitsayo anati sagwirizana ndi ufawo. Kukomoka kunayambiranso.

Chondiwawa n'chakuti bodzali analimanga pa zoona. M'zaka za m'ma 1920, Otto Warburg wa ku Germany anaona kuti maselo a khansa amadya shuga mwadyera. Akatswiri akuyesadi mankhwala otchedwa 2-DG, ofanana ndi shuga, omwe selo limameza koma n'kulephera kuwagaya; ku India anawayesa pa odwala pamodzi ndi radiotherapy, chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza. Koma akadali kafukufuku, sanavomerezedwe ngati mankhwala a khansa, ndipo sagulitsidwa pa depoti. Matendawa ngakhale munthu alandire opaleshoni, radiotherapy ndi mankhwala a khansa otchedwa temozolomide, ambiri amangokhala chaka ndi miyezi yowerengeka. Masiku ochepa omwewo ndi amene atibera.

Si ife tokha. Mayi wina wa mumpingo mwathu ndi mnyamata wa kabaza ananamizidwanso, ndipo bodzali likufala kudzera m'mauthenga a pa WhatsApp ndi olengeza m'maminibasi.

Bwana, ndimakulemekezani, ndipo voti yanga munalandira. Koma pabwalo la sukulu paja munalonjeza galimoto yotengera odwala khansa kuchipatala chachikulu. Mpaka lero timabwereka ndalama ya mayendedwe. Kodi munaiwala?

Sindikupempha ndalama. Nyumba ya Malamulo ikakumana, imirirani mufunse a Nduna a Zaumoyo kuti bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA lifufuze ogulitsa ufawa, komanso madokotala alankhule pa wailesi m'Chichewa, afotokoze zomwe zikadali kafukufuku ndi zomwe zili mankhwala enieni. Botolo limodzi ndasunga. Mukalifuna kuti likayezedwe, ndibweretsa ndekha.

Ine wanu,
Mchemwali wa wodwala, wa m'dera lanu