Tilembereniko za nyenyezi zophulika

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko, nyuzi yathuyi mpira ndi ndale zimadzadza koma za kumwambaku zii. Sabata yatha magetsi atathima kuno ku Chilomoni tinakhala panja ndi mtsikana wanga wa folomu 3, mbaula ili pakati, nyenyezi zili mbuu mpaka pamwamba pa Michiru, ndiye akundifunsa kuti adadi kodi nyenyezi imafa? Imafa ndithu, zikuluzikuluzo zimachita kuphulika, azasayansi amati supernova.

Zomwe zimandigwira mtima ine ndi zija zimati zisanafe zimayamba zasanza kaye mpweya wambirimbiri, mpweyawo nkuizinga nyenyeziyo ngati utsi mkhitchini yotseka. Tsono ikaphulika zidutswa zake zothamanga makilomita masauzande pa sekondi zimakawomba mpweya uja, kutentha kwake nkuwala koopsa miyezi, zina mpaka zaka. Akagawa kuwalako mmitundu yake ngati utawaleza amapezamo timizere topyapyala, poti mpweya wosanzidwa uja umayenda pang'onopang'ono. Tikakhala ta hydrogen amati Type IIn, dzina lomwe wasayansi Eric Schlegel anapereka mu 1990, tikakhala ta helium ndi Ibn. Ndiye kuti timizereti tikuulula zomwe nyenyezi inkachita masiku ake omaliza, ngati mmene timamvera mbiri ya malemu pamaliro paja.

Ndipotu si maprofesa okha amazipeza. Koichi Itagaki wa ku Japan amangozikonda basi, ali ndi matelesikopu ake, mu 2004 anaona kadontho katawala nkuzima, patatha zaka ziwiri pamalo omwewo panaphulika supernova yotchedwa SN 2006jc. Ndi yemweyonso anapeza ina mu May 2023 mu mlalang'amba wa M101.

Chikundipweteka nchoti zabwino kwambiri zili kumbali yathu ino ya kummwera koma ana athu sakudziwa. Mu February 1987 inaphulika SN 1987A mu Large Magellanic Cloud, kamtambo kotuwa kaja kamaoneka kummwera usiku wopanda mwezi, anthu ankaiona ndi maso okha, ndipo patapita zaka zidutswa zake zinafika pa mkombero wa mpweya womwe inataya kalekale, mkomberowo nkuyamba kuyaka madonthomadontho ngati mkanda. Nanga nyenyezi ya Eta Carinae, chapafupi ndi nyenyezi zija zimaoneka ngati mtanda kummwera, inasanza mpweya wochuluka zedi mpaka mu 1843 inali yachiwiri kuwala pa nyenyezi zonse za usiku, koma sinafe, ikadalipo, tsiku lina idzaphulika ndipo ife kuno tili pamalo abwino oonera.

Chonde akonzi, tipatseniko kagawo ngakhale kamodzi pamwezi, mChichewa, kotiuza kuti mwezi uno tiyang'ane chani komanso mbali iti. Mwanayu wabwereka kale mabainokula kwa amalume ake, usiku uliwonse akumandikoka kuti tikasake kamtambo kaja.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre