Kwa muphwa wanga: ng'ombe yokhala ndi chivindikiro

Wokondedwa muphwa wanga,

Moni wochokera kuno ku Columbia, ku Missouri, m'dziko la America. Uli bwanji kumeneko? Amayi ako ali bwanji? Nanga agogo, bondo lija likuwavutabe? Lero wakwanitsa zaka 7, ndiye kalatayi ndi yako wekha, ngakhale ndikudziwa kuti awerenga ndi amayi ako pa foni, iwe utawatsamira paphewa. Inu mukamasamba m'manja kuti mudye nsima yamasana, kuno kumakhala kusanache, chifukwa tili m'mbuyo ndi maola 7.

Ndamva kuti mano awiri akutsogolo agweluka ndipo ukumaseka utagwira pakamwa. Leka manyazi. Ako amera posachedwa, koma ng'ombe ndi mbuzi zilibe mano akutsogolo a m'mwamba mpaka kufa kwake. Upite kukhola ndi agogo, mukakweze mlomo wa mbuzi yamawangamawanga ija pang'onopang'ono. M'munsi mupeza mano 8, m'mwamba nkhama yolimba basi. Imapana udzu pakati pa mano ndi nkhamayo, kenako n'kukoka ndi mutu.

Pa yunivesite pano pali nyumba yaikulu yotchedwa FarmHouse, dzina lotanthauza nyumba ya kumunda. Inayamba m'mwezi wako womwe uno, pa 15 Epulo 1905, ndipo oyambitsa ake anali anyamata 7. Waona nambala yakoyo ikungotsatira? Anali ana a alimi obwera kudzaphunzira zaulimi, mmodzi mwa iwo D. Howard Doane, ndipo ankakumana pa kalasi ya Baibulo ya YMCA, bungwe la anyamata achikhristu. Anagwirizana kuchita lendi nyumba imodzi, azigona momwemo, azidyera pamodzi, wina akavutika ndi maphunziro anzake amuthandize. Mpaka lero a m'nyumbayo amatchulana abale ngakhale si a bere limodzi, ndipo masiku ano amalandira ndi ophunzira zina, osati zaulimi zokha. Magulu ena otere mayina awo ndi zilembo za Chigiriki. Alpha Gamma Rho inayamba mu 1904 pa yunivesite ina yotchedwa Ohio State. Usaganize kuti ndi za anyamata okha, chifukwa mu 1978 atsikana 5 pa sukulu yomweyo ya Ohio State anayambitsa lawo, Sigma Alpha. Kwathu sukulu yotere ndi ya ku Bunda, kufupi ndi Mitundu. Udzapitako kapena udakali pa maganizo aja oyendetsa ndege?

Koma nkhani yeniyeni ndi ya ng'ombe. Kukhola la sukulu kuli ng'ombe imene ili ndi chivindikiro pamimba. Si nthano ayi, amayi ako asaseke. Chili mbali ya kumanzere, pamalo olowa aja pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Madokotala a ziweto anayamba aibaya mankhwala kuti isamve kuwawa, anaboola, n'kuikapo mphira wozungulira ngati tayala laling'ono, pakati pake bowo la masentimita 10, ngati pakamwa pa kapu yaikulu. Bala linapola patatha masabata ochepa. Tsopano akachotsa chivindikiro, munthu amaona m'mimba mwenimweni, iyo ikungodya udzu wake osatembenuka n'komwe. Amangoyenera kumatsuka khungu lozungulira mphirawo, chifukwa madzi a m'mimba amadontha, ndipo nyengo yotentha ntchentche zimabwera.

Lachiwiri kunagwa mvula kuyambira m'mawa, yozizira, yosiyana ndi yathu imene ana mumasambamo. Mlimi wina wa kunja kwa tauni anali ndi ng'ombe yodwala. Inathyola chitseko usiku n'kudya chimanga chogaya chambiri, ndipo itapulumuka inangoima, mutu pansi, osadya, osabzikula. Mankhwala ake anali m'mimba mwa ng'ombe ya chivindikiro ija. Ophunzira za ziweto anasonkhana m'shedi, madzi akudontha m'zipewa. Mtsikana wina anavala pulasitiki yaitali yofika paphewa n'kukoka chivindikiro. Kunatuluka nthunzi ngati avundukula mphika, chifukwa m'katimo mumatentha madigiri 39. Fungo lake, muphwa, usafunse. Ndi la udzu wowola wosakaniza ndi thobwa la masiku anayi.

Anapisa dzanja mpaka paphewa. M'mimbamo zinthu zimakhala zosanjikizana: pamwamba mpweya, pakati udzu wotafunidwa woyandama ngati namasupuni pamadzi, pansi penipeni madzi obiriwira. Mimbayo simakhala chete, imafinya kamodzi kapena kawiri pa mphindi iliyonse kusakaniza chakudya, ndiye dzanja limapanidwa mwamphamvu n'kumasulidwanso. Mtsikanayo ankati akapanidwa n'kutong'ola maso, anzake n'kumaseka. Ndiye panali mnyamata wina watsopano, wa m'nyumba ya FarmHouse ija, wovala malaya ochapa bwino. Anzake ozolowera amaima chammbali, koma iye anawerama kuti asuzumire bwinobwino. Nthawi yomweyo ng'ombe inatsokomola. Phwaa! Zobiriwira zonse kumaso, m'tsitsi, m'thumba la malaya. Ng'ombe inangomuyang'ana ndi diso limodzi n'kubwerera ku udzu wake. Abale ake anamupukuta akuseka mpaka misozi, koma ndowa sanamulande, anaigwirabe mpaka ntchito inatha.

Ntchitoyo imayenda chonchi. Ndowa amayamba aitsuka ndi madzi ofunda kuti isakhale yozizira. Amatapa udzu wonyowa wa m'mimbamo, kuufinyira pa nsalu ngati akusefa, madzi n'kumagwera m'ndowa, zotsala n'kuzibwezera m'mimba. Ng'ombe yaikulu yodwala imafunika malita 5 mpaka 10. Akakwana amavindikira ndowa msanga n'kuthamanga nayo, chifukwa mpweya ndi kuzizira zimawononga mankhwalawo, ndipo ndi bwino kumwetsa theka la ola lisanathe. Amamwetsa ndi paipi yofewa yolowera pakamwa mpaka m'mimba. Apa ndiye pofunika dokotala, chifukwa paipi ikasochera n'kulowa njira ya mpweya, madziwo amathera m'mapapo ndipo ng'ombe imatha kufa. N'chifukwa chake asanathire kanthu amanunkhiza ndi kumvetsera kumapeto kwa paipiyo, kuti atsimikize kuti yafika m'mimba. Mawa lake anabwerezanso. Pofika Lachinayi uthenga unabwera kuti ng'ombe ya mlimi ija yayamba kubzikula.

Ukudabwa kuti madzi onunkha angakhale bwanji mankhwala? Ukukumbukira mbuzi ya Khirisimasi, pamene amayi ako ankatsuka zam'kati kuti akulunge nthumbwana? Mimba ya mbuzi ndi ya ng'ombe ili ndi zipinda 4. Choyamba ndi chachikulu chija chooneka ngati thaulo. Chachiwiri chili ndi timabowo ngati malesa a njuchi. Chachitatu chili ndi masamba ambirimbiri ngati buku lako la Chichewa, ndipo ntchito yake ndi kumwa madzi a m'chakudya. Chachinayi ndi chosalala, chofanana ndi mimba yako. Chivindikiro chija chimatsegula chipinda choyamba, chimene mwa ng'ombe yaikulu chimalowa malita pafupifupi 150. Ganiza zigubu zachikasu zija za kumjigo, 7 zodzaza, n'kuwonjezera theka.

M'chipinda chimenecho mumakhala tizilombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tosawerengeka. Si toyambitsa matenda, ndi tantchito. Ng'ombe payokha singagaye udzu, monga iwenso sungakhute mapesi. Imatafuna, imameza, tizilomboto n'kugaya udzuwo, ng'ombe n'kupeza mphamvu ndi mkaka. Ikagona pamthunzi imabweza chakudya m'kamwa n'kutafunanso, ndiko kubzikula, ndipo patsiku imathera maola pafupifupi 8 ikuchita zimenezo. Potafunapo imatulutsa malovu oposa malita 100 patsiku, ndipo malovuwo ali ndi soda wonga amene agogo amathira m'therere. Sodayo amaletsa m'mimba kuwawasa. Koma ng'ombe ikadya chimanga chambiri nthawi imodzi, chimasasa msanga ngati thobwa, soda wa m'malovu amachepa, tizilombo tabwino tija n'kufa. Ndiye poimwetsa madzi a m'mimba mwa inzake amakhala akuibwereka tizilombo tamoyo, monga mmene agogo amakapalira moto kwa anansi wawo ukazima.

Ophunzira amagwiritsanso ntchito chivindikirocho poyesa zakudya. Amaika udzu wouma wopimidwa pa sikelo m'timatumba ta nayiloni, kumangirira ku chingwe n'kuponya m'mimbamo. Tina amatulutsa patatha maola 24, tina maola 48, kutsuka, kuumitsa, n'kupimanso. Chimene chachepa ndi chimene chagayidwa. Akatero amadziwa udzu wopatsa thanzi ndi wongodzaza mimba.

Tsopano tamvera bwino, chifukwa ndimakudziwa. Usakayese kuboola mbuzi ya agogo, ngakhale ndi kamtengo, ngakhale anzako akuuze. Ntchito yako ndi ina, ndipo ndi yaikulu. Uzitola majumbo onse pabwalo ndi kuseri kwa khola. Mbuzi imakonda jumbo yonunkhira mchere kapena mandasi, koma tizilombo tija sitingagaye pulasitiki. Majumbo amakulungana m'chipinda choyamba n'kukhala chimpira, mbuzi n'kumaonda mimba ili tuu, mpaka kufa. Ng'ombe ndiye imameza ndi misomali ndi mawaya omwe, chifukwa imakolola udzu ndi lilime osasankha. Msomali umagwera m'chipinda cha malesa chija, chimene chili pafupi ndi mtima, ndipo ukaboola ndi zoopsa. Alimi akuno amamezetsa ng'ombe maginito wotalika ngati chala cha munthu wamkulu. Amakhala momwemo moyo wake wonse, akugwira zitsulo kuti zisalase.

Chitseko cha kumene kumakhala thumba la madeya uzitseka, ndipo chimanga chikayamba kubwera kuchokera kumunda mwezi wamawa, mbuzi zisayandikire pamkeka. Madeya ndi abwino, koma amayamba ndi dzanja limodzi, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti tizilombo tizolowere. Ukaona mbuzi yatupa mbali ya kumanzere, ukaigogoda n'kumalira ngati ng'oma, ikupuma movutikira, ndiye kuti mpweya watsekeka, ikulephera kugeya. Zimachitika ikadya masamba anthete a nyemba kapena msipu wonyowa wambiri ili ndi njala. Pamenepo usadikire kuti agogo adzuke okha. Thamanga ukawadzutse, aimike mbuziyo miyendo yakutsogolo ili pokwera, wina akaitane alangizi a ziweto. Koma ngati alangiziwo ali kutsidya, apite wamkulu. Iwe mtsinje uja usawoloke wekha, wamva? Agogo ako sagona tulo ndi nkhani imeneyo, ndipo inenso kuno ndimangoganiza za mwala woterera uja.

Kodi kambuzi kaja kanabadwa? Ndi kakakazi kapena katonde? Kakamayamwa uone mmene kamatukulira khosi, mchira uli pikupiku. Mwa kamwana kotere chipinda chachikulu chija chimakhala chisanayambe ntchito. Mkaka umadutsa m'kangalande kamene kamapangika kakamayamwa, n'kukagwera m'chipinda chachinayi. Tizilombo kamatengera kwa make ndi pa msipu kakayamba kubudula masamba. Mkaka woyamba wachikasu uja kayenera kuyamwa tsiku lomwe kabadwalo, makamaka maola oyambirira, chifukwa ndiwo umakateteza ku matenda.

Pa sukulu pano palinso kasitolo kotchedwa Buck's kamene kamagulitsa ayisikilimu wopangidwa pomwepa, wachikasu wa mizere ya chokoleti ngati nyalugwe wamizere amene ali chizindikiro cha sukuluyi. Sangafike kumeneko asanasungunuke, ndiye ndatumiza kangachepe kwa amayi ako kuti akugulire nsapato za kusukulu ndi fanta, ndipo imodzi ugawane ndi mlongo wako. Uwauze agogo asade nkhawa, jekete ndili nalo ndipo ufa umapezeka.

Ng'ombe imatafuna maulendo 50 kapena 60 isanameze chimene yabweza. Madzulo ano ukhale pafupi ndi mbuzi yamawangamawanga ija ikagona, uyang'ane pakhosi pake. Uona kanthu kakukwera, ndiye uyambe kuwerenga mpaka kameze. Uchite katatu, kenako unene pa foni ya amayi ako kuti wapeza zingati. Ndikufuna ndimve ndi mawu ako omwe, ndi mpata wa manowo.

Ndine malume ako okukonda.