Kwa makolo ndi aphunzitsi a mumpingo mwathu, nkhani ya malipoti

Okondedwa mwa Ambuye, moni nonse.

Kalata iyi ndalemba mtima ukundiwawa. Sukulu zatsekera, ana abwera ndi malipoti, ndiye Lachitatu ndinapeza mtsikana wina wa Fomu 2 kuseri kwa tchalitchi akulira, akuti kunyumba sapita chifukwa masamu walakwa. Nditamufunsa kuti ukuopa kukwapulidwa kodi, anati ayi abusa, bola kukwapulidwako, bambo akangoti ndiwe mbuli iwe, mwana wa aneba akukhoza bwanji, ukungondithera fizi. Mwana ameneyu mu kwaya ndi amene amayambitsa nyimbo, koma mkalasi akuti olo yankho alidziwe sakweza mkono, amaopa kusekedwa.

"Atate inu, musaputa ana anu, kuti angataye mtima." Akolose 3:21.

Sindikuti musamadzudzule ana, ayi, dzudzulani ndithu. Koma mawu oti mbuli amuthandiza chani mwana? Mwamuuza pomwe walakwitsa? Enanu kope lake simunalitsegulepo chiyambire chaka, mumangoyang'ana pozishoni basi kenako kukalipa mpaka aneba kumva, mawa lake muli kutsogolo kuno kutsogolera mapemphero ndi pakamwa pomwepo. Abale, zimenezi ndi tchimo ndipo zitheretu. Khalani naye pansi, tsegulani pepala, muuzeni apa wachita bwino, apa ndi pomwe wasochera, mumufunse chinavuta ndi chani kenako mukhale chete ayankhe yekha mpaka amalize. Anawa kuyambira Sitandade 5 amaphunzira mu Chingerezi, ena nkhani amayimva koma mawu oyifotokozera ndi amene amawasowa, ndiye ngati kunyumba komwe timawatseka pakamwa akalemba chani pa MSCE?

Aphunzitsi a Sande sukulu inunso zikukukhudzani, mwana akaphonya vesi musamamuseketse kwa anzake. "Munthu aliyense akhale wotchera khutu, wodekha polankhula, wodekha pakupsa mtima." Yakobo 1:19.

Kuyambira Loweruka likubwerali 9 koloko mmawa ana onse a Sitandade 7 mpaka Fomu 4 azikumana mu holo, aziwerenga mokweza, kuchita dibeti komanso kuyankhula pagulu. Aphunzitsi opuma ntchito awiri avomera kale, tikufuna ena atatu. Banja lililonse lisonkhe K2,000 ya choko, makope ndi shuga wa phala, mupereke kwa msungichuma pofika Lachisanu, ndipo mwana abwere ndi lipoti lake olo likhale loyipa bwanji. Makolonu tidzatsalire Lamulungu tikaweruka, osathawa.

Ine m'busa wanu.