Ngalande zimene zinatsala mamishoni atatha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya ulimi wamthirira, imene imamveka kwambiri m'dziko muno mvula ikavuta, monga zinalili mu 2024 pamene ng'amba inapsereza chimanga m'maboma ambiri. Kuno ku Mangochi anthu amafunsana kuti zimatheka bwanji kuti boma lokhala ndi Nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire ndi Nyanja ya Malombe lizigona ndi njala, ndipo yankho limene timamva kawirikawiri ndi lakuti tikusowa mapampu, mapaipi ndi simenti. Sindikutsutsa zimenezo, koma ndikufuna kuti owerenga amve mbiri ya ngalande zimene zinakumbidwa pamanja m'nthawi ya atsamunda a ku Spain, kumadera amene lero ali m'dziko la United States, chifukwa zina mwa izo zikuyendabe madzi patatha zaka zoposa 250.

Mu 1718 ansembe a chipani cha Fransisko Woyera anakhazikitsa mishoni ya San Antonio de Valero, imene pano imadziwika ndi dzina lakuti Alamo, ku Texas. Mu 1720 kunabwera mishoni ya San José, ndipo mu 1731 mamishoni ena atatu, a Concepción, San Juan ndi Espada, anasamutsidwira m'mbali mwa mtsinje womwewo wa San Antonio. Dera limenelo ndi lotentha ndipo mvula yake ndi yosadalirika, choncho mishoni sikanakhazikika popanda kutseka mtsinje ndi damu ndi kukumba ngalande yopatutsira madzi kuminda ya chimanga, nyemba, maungu ndi thonje. Ngalande zoterezi amazitcha acequia. Panalibe injini kapena pampu, koma madzi ankangotsata kutsetsereka kwa nthaka, kumene okumbawo ankakuyeza mosamala kwambiri kuti madzi asathamange n'kukokolola m'mbali, komanso kuti asaime n'kusiya matope. Ku Espada, ngalande itafika pa kamtsinje ka Piedras Creek, anamanga mlatho wamiyala cha m'ma 1740 kuti madzi awolokere pamwamba, ndipo mlathowo ukugwirabe ntchito. Mu 2015 bungwe la UNESCO linaika mamishoniwa pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Sikungakhale chilungamo kutamanda ntchitoyi osanena za amene anatuluka thukuta. Okumba ngalande ndi kusenza miyala anali eni nthaka, timitundu ting'onoting'ono timene olemba mbiri amatitchulira pamodzi kuti Coahuiltecan. Ambiri analowa m'mishoni pothawa njala ndi nkhondo za mtundu wa Apache, koma munthu akabatizidwa sankaloledwa kuchoka mwakufuna kwake, ndipo othawa ankalondoledwa ndi asilikali. Nthomba ndi chikuku zinapha anthu ochuluka m'midzi ya mishoni. Ku New Mexico, dera lina la dziko la United States, kumene mtsogoleri wa atsamunda a ku Spain, Juan de Oñate, anafika mu 1598, anthu a mtundu wa Pueblo anali akuthirira kale minda yawo azungu asanabwere, ndipo nkhanza za atsamunda zinawafika pakhosi mpaka mu 1680 anaukira motsogozedwa ndi Popé, nathamangitsa Asipanishi kwa zaka 12. Mmalawi aliyense amene anamva kwa agogo ake za thangata wa m'maesiteti a ku Chiradzulu ndi ku Thyolo akudziwa kuwawa kwa ntchito yogwira mokakamizidwa, ndipo palibe wanzeru amene angafune kuti mthirira wathu umangidwe pa maziko otero.

Chimene chimandigwira mtima ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Kuyambira mu 1793 boma linayamba kuchotsa mamishoni a ku San Antonio m'manja mwa ansembe aja ndi kugawa minda yake, ndipo pofika mu 1824 ntchitoyo inali itatha. Nyumba zambiri za mishoni zinasanduka mabwinja, koma madzi a ku Espada akuyendabe mpaka lero, chifukwa alimi amene analandira mindayo anasunga lamulo la kagawidwe ka madzi ndi kakonzedwe ka ngalande. Lamulolo ndi lakale kuposa mamishoniwo. Linachokera ku Spain, kumene luso la mthirira linakula kwambiri m'nthawi imene Asilamu ankalamulira mbali zina za dzikolo, kuyambira mu 711 mpaka mu 1492, mfundo imene ndikhulupirira kuti abale athu ambiri kuno ku Mangochi angakondwe kuimva. Mpaka lero mumzinda wa Valencia, ku Spain komweko, bwalo la milandu ya madzi limakumana Lachinayi masana pakhomo la tchalitchi chachikulu, oweruza ake ndi alimi osankhidwa ndi anzawo, ndipo mlandu umakambidwa ndi kugamulidwa pakamwa, anthu onse akumva.

Ku New Mexico kukadali ngalande mazanamazana zoyendetsedwa mwa njira imeneyi. Alimi a ngalande imodzi amasankha mkulu woyang'anira madzi, wotchedwa mayordomo, amene amauza aliyense nthawi yake yothirira. Chaka chilichonse, nyengo yobzala ikayandikira, mwini munda aliyense amayenera kubwera ndi fosholo kudzachotsa matope ndi udzu, kapena kutumiza womugwirira, ndipo wozemba amalipira chindapusa kapena kumanidwa madzi. Madzi akachepa, mwambo wawo ndi wakuti onse achepetse, osati wakumtunda akhute pamene wakumunsi mbewu zake zikufota.

Nkhani imeneyi ndi imene imatigonjetsa ife. Taonapo masikimu otsegulidwa ndi magule ndi zolankhula zambiri, koma pakapita zaka zochepa ngalande zadzaza matope, pampu yafa, ndipo alimi akudikira kuti amene anabweretsa chitukukocho abwerenso kudzakonza. Ena amatsegula madzi usiku nthawi isali yawo, ndipo akomiti amachita mantha kuwadzudzula chifukwa ndi achibale a anthu olemekezeka m'mudzi. Ndikudziwa kuti malo athu ndi osiyana ndi a ku Texas, pakuti kumapiri a ku Namwera madzi angathe kutsika okha, pamene m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire minda yambiri ili pamwamba pa madzi ndipo pampu ndi yosapeweka. Koma pamene pali pampu m'pamene lamulo likufunika koposa, chifukwa makina amafuna ndalama zokonzera, ndipo ndalamazo sizisonkhedwa ngati alimi sakhulupirira kuti madzi akugawidwa mwachilungamo.

Mabungwe a alimi ogwiritsa ntchito madzi alipo kale m'masikimu ambiri. Ndikupempha kuti apatsidwe mphamvu zenizeni zomana madzi munthu wozemba ntchito, kuti woyang'anira madzi azisankhidwa chaka ndi chaka poyera, ndiponso kuti tsiku lokonza ngalande, mvula ikangotha mu Epulo kapena Meyi, lizidziwika kwa aliyense ndipo mafumu azilichitira umboni. Inunso, akonzi, ndikukupemphani kuti atolankhani anu asamangofika pa tsiku lotsegulira sikimu, koma azibweranso patapita zaka zisanu kudzafunsa alimi a kumapeto kwa ngalande ngati madzi akuwafikabe.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu,
Mangochi