Lipoti la ku msonkhano wa za zisamani, kwa a gulu lathu la banki m'khonde

Moni nonse a gulu, a tcheya, amayi ndi abambo. Ndabwerako ku msonkhano uja munandituma ku boma, unali wa masiku awiri ndipo amatiphunzitsa anali ma paralegal awiri (anthu ophunzitsidwa kuthandiza pa za malamulo koma si ma loya) komanso loya mmodzi amene anabwera tsiku lachiwiri masana. Ndalemba pano kuti amene simudzapezeka Loweruka muwerengeretu, pepani ndatalikitsa koma nkhaniyi ndi ya ndalama zathu.

Ndiyambe ndi chimene chinandipweteka mtima. Mlandu wathu uja wa bambo amene akukana kubweza ngongole ya chaka chatha, tonse tinkangoti khoti likutizengereza, ena mpaka kumati pali chinyengo. Ine ndinaufotokoza monse unayendera osatchula dzina la munthu, ndiye a loya aja anangondifunsa funso limodzi, akuti chisamani munapereka m'manja mwa ndani? Ndinanena chilungamo kuti tinasiyira mwana wawo wa sitandade 6 amene tinamupeza pakhomo ndipo palibe anasayina. Akuti basi vuto ndi limenelo, majisitireti sangaweruze munthu asanakhutire kuti munthuyo anauzidwadi kuti akufunika ku khoti tsiku lakuti pa nkhani yakuti, ndipo ngakhale tikanawina iye kulibe, akanatha kubwera pambuyo nkunena kuti sindinalandire kanthu ine, chigamulo nkufafanizidwa ife nkuyambiranso. Ndiye maulendo onse aja a msungichuma anayenda, thiransipoti yonse ija, tinadzilakwira tokha.

Njira yosakayikitsa ndi kupereka pepala m'manja mwa mwini wake, asayine pa kope yathu, tilembe tsiku, nthawi ndi malo. Akakana kulandira kapena kusayina osalimbana naye, woperekayo amuuze kuti ili ndi pepala la ku khoti, alisiye pamaso pake, kenako akalembe zonse mmene zinachitikira nkukalumbira pamaso pa wolumbiritsa anthu, chikalata cholumbira chimenecho ndiye umboni umene khoti limaufuna. Ngati tikusumira kampani pepala lipite ku ofesi yake yolembetsedwa, osati kungopatsa dalaivala wawo pa msewu.

Ndinafunsanso za anthu ozemba, poti tili nawo awiri, wina akuti ali ku Joni. Apa anatsindika kwambiri kuti sitingangoganiza tokha zoti tiika chisamani mu nyuzipepala ya Nation kapena Daily Times kapena tingotumiza chithunzi pa WhatsApp. Timayamba tapempha khoti, kusonyeza kuti tinayesetsa kumufunafuna koma sakupezeka, khotilo ndi limene limaloleza njira ina. Wa kunja kwa dziko nayenso mpaka chilolezo cha khoti, ndipo kunena zoona ndalama imene ingapite pamenepo ikhoza kuposa ngongole yake, maganizo anga ndi oti ameneyo tiyambe takamba ndi abale ake kudzera kwa a mfumu.

Tsopano za mboni, apa ndi pamene ndinaphunzira zachilendo. Chisamani chilipo cha mitundu iwiri, china choitana amene wasumiridwa, china choitana mboni chimene ma loya amati subpoena. Chachiwirichi chimatha kulamula munthu kuti abwere adzanene zimene akudziwa, kapena kuti abweretse mapepala amene akusunga. Ndinakumbukira mlembi wathu wakale amene anachoka ndi buku loyamba lija, muja muli siginecha za onse anatenga ngongole, ndipo akukana kulipereka poti tinasiyana mosakhala bwino. Akuti tikhoza kupempha khoti limuitane ndi bukulo. Koma chisamanicho chimatuluka ku khoti ndi chidindo chake, si kalata yolemba a tcheya ayi, tichipereke nthawi ikadalipo, ndipo amene waitanitsa mboni ndi amene amaganizira za thiransipoti yake. Mboni ikalandira bwinobwino nkungokhala osapita popanda chifukwa, imeneyo yanyoza khoti ndipo ikhoza kukatengedwa ndi apolisi. Izi zikukhudzanso ifeyo, wina wa ife akaitanidwa ngati mboni asamati si mlandu wanga.

China chimene sitinkachidziwa, ku khoti kulibe zobisalirana. Pepala limene tapereka kwa kalaliki, kope yake ipitenso kwa amene tikulimbana naye, ngati ali ndi loya ipite kwa loyayo. Mayi wina wa gulu la ku mudzi wina anadandaula kuti nanga si ndiye tikumuululira nzeru mdani wathu, a paralegal anamuyankha kuti tsiku lina wosumiridwa adzakhala inuyo mayi, kodi mungakonde kudzidzimutsidwa ndi pepala m'khoti momwemo? Holo yonse inangoti zii. Ine ndinagwirizana nazo.

Za ku High Court anangodutsamo mwachidule poti milandu yathu yambiri imathera kwa majisitireti. Kumeneko amatsata malamulo a 2017 amene analowa m'malo mwa a ku England amene ankagwiritsidwa ntchito kale, ndipo ukalandira chisamani uli ndi masiku 28 oti ubweze zimene akufunazo kapena upereke yankho lako lodziteteza, ukangokhala chete mnzako amakatenga chigamulo iwe kulibe, kenako umangoona masherifu afika kudzanyamula katundu. Milandu yambiri kumeneko imayamba yapita pokambirana pamaso pa jaji isanafike pozengedwa. Ofuna kusumira boma ayambe alembera Attorney General, yemwe ndi loya wamkulu wa boma, nkudikira miyezi 3. Opanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa pa milandu.

Zimene ndikupempha kuti tikambirane Loweruka ndi izi. Tibwerere kwa kalaliki wa khoti tikapemphe tsiku lina ndi chisamani chatsopano cha bambo aja, ulendo uno tipite ndi mesenjala wa khoti kapena akuluakulu awiri, osatumanso achinyamata. Ndipo fomu yathu yobwerekera ndalama tiikonze, pakhale mudzi, mfumu, nambala ya foni, nambala ya chiphaso cha unzika ndi komwe munthu amapezeka masana, chifukwa pa anthu amene tili nawo ngongole pano ena sitikudziwa nkomwe kuti tikawapeza kuti.

Timapepala timene anatigawira ndabwera nato, tilipo tokwanira a komiti okha, ena mudzajambula pa foni. A msungichuma, malisiti a minibasi ndi a malo ogona ndili nawo, chenji chanu ndibweretsa Loweruka lomwelo. Zikomo pondikhulupirira.