Kalata ya Abusa: Za sewero la achinyamata ndi chisankho chikubwerachi

Okondedwa abale ndi alongo m'milaga yonse ya mpingo wathu kuno ku Angonia,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ndikudziwa kuti ambiri muli kalikiliki kukumba mbatatesi, choncho kalatayi muiwerenge madzulo mukapuma, ndipo inu muli ndi mafoni muwawerengereko agogo athu amene maso anayamba kuchita chidima.

Achinyamata apempha kuti pa msonkhano wawo achite sewero lotchedwa Macbeth, limene alimasulira okha m'Chichewa. Akuluakulu ena atamva anabwera kunyumba kudzadandaula: "Abusa, zoona mulola ana athu avale zaufiti pabwalo la tchalitchi?" Sindinawayankhe tsiku lomwelo. Ndinabwereka buku lake la m'Chipwitikizi kwa aphunzitsi ena a mumpingo mwathu, n'kuliwerenga mausiku atatu. Yankho langa ndi lakuti seweroli lichitike, ndipo akulu ampingo adzakhale pa benchi yakutsogolo. Nanenso ndidzakhala pomwepo, chifukwa nkhaniyi yayamba yandilasa ine ndisanaloze wina chala.

Analilemba ndi William Shakespeare wa ku England cha m'ma 1606, koma nkhani yake ndi ya ku Scotland. Macbeth ndi mkulu wa asilikali, munthu wolimba mtima, wachibale wa mfumu Duncan. Pochokera kunkhondo, iye ndi mnzake Banquo akumana ndi mfiti zitatu kuthengo. Mfitizo zimuuza kuti apatsidwa ulamuliro wa dera la Cawdor, kenako adzakhala mfumu. Banquo zimuuza kuti iye sadzakhala pampando, koma zidzukulu zake. Asanapite patali amithenga afika: mfumu yamupatsadi Cawdor.

Apa ndiye tcherani khutu, makamaka inu munabwera kudzadandaula. Ndinabwereza masamba amenewo kawiri, kufunafuna pamene mfitizo zikumuuza kuti aphe munthu. Palibe. Sizinatchule mpeni, sizinatchule magazi. Ganizo lakupha linaphuka mumtima mwake iye ali chiimire pomwepo, mpaka anadziopa yekha. Banquo anali naye limodzi, anamvanso zake zokoma, koma dzanja lake silinagwire mpeni. N'zimene Yakobo 1:14-15 amatiphunzitsa, kuti munthu amakokedwa ndi chilakolako chake chomwe, chilakolakocho chimaima n'kubala tchimo, tchimo likakula libala imfa. Ife kuno tikalakwa timathamangira kunena kuti "anandilodza" kapena "ndi Satana ameneyu". Masiku ano kwabweranso aneneri amene ukangowapatsa mametikali angapo amayamba: "Ndikuona mpando, ndikuona galimoto." Mneneri wotere sakupatsa chachilendo ayi. Amangouzira moto pa nkhuni zimene unasonkha kale wekha.

Davide nayenso analonjezedwa ufumu, ndipo iye anachita kudzozedwa mafuta ndi Samueli. Sauli analowa yekha m'phanga limene Davide anabisalamo ku Engedi, anyamata ake akumunong'oneza kuti tsiku lija ndi lero. Iye anangodula kansalu ka mkanjo wa Sauli, ndipo ngakhale pa kansalu komweko mtima unamutsutsa (1 Samueli 24). Kuona maso a nkhono n'kudekha. Macbeth sanadekhe. Mfumu itabwera kudzagona kwake ku Inverness, iye mwini anawerenga zifukwa zosaiphera: ndi mbale wake, ndi mfumu yake, ndiponso ndi mlendo wake, amene mwininyumba ayenera kumutsekera chitseko kuti achiwembu asalowe. Ankadziwa zonse. Mkazi wake atamunyogodola kuti si mwamuna, anaipha ili m'tulo.

Malo amene anandisowetsa tulo ndi awa. Akutuluka m'chipindamo manja ali magazi okhaokha, anamva anthu awiri ogona pafupi atadzidzimuka, wina akupempha dalitso la Mulungu, mnzake n'kuvomera kuti "Amen". Macbeth anafuna kuvomera nawo, mawuwo anamukakamira pakhosi. Akufunsa mkazi wake ngati kamwana kuti n'chifukwa chiyani sanathe kunena Amen pamene iye ndiye amasowa dalitsolo koposa.

Pakhosi pameneepo ndimapadziwa. Ndili mnyamata, panapezeka malo amodzi okha opita kusukulu ya ubusa, ndipo ofuna tinali awiri. Kunabuka mphekesera yakuti mnzangayo anagwira ndalama za chopereka. Ine ndimadziwa kuti ndi bodza, chifukwa tsiku limenelo tinawerengera limodzi pa tebulo, tinamanga ndalamazo m'kansalu, ndipo anakazipereka ine ndikuona. Akulu atafunsa ngati alipo wodziwa kanthu, ndinayang'ana pansi. Sindinaname, ndinangokhala chete, ndipo malowo anapatsa ine. Zaka zambiri ndinkalalikira bwinobwino, anthu n'kumayamika, koma ndikagwada ndekha m'chipinda nkhope yake inkabwera pemphero lisanafike pakati. Mlandu suola. Tsiku lina ndinakwera njinga, ndinamupeza akupalira nyemba, ndinavula chipewa n'kumuuza zonse. Anakhala nthawi atatsamira khasu osayankha. Kenako anati, "Ndinkadziwa, achimwene. Ndimangodikira kuti mudzabwera liti." Anandikhululukira, koma zaka zake zija sindinathe kumubwezera.

M'seweromo mkazi wa Macbeth poyamba anati timadzi pang'ono tiwayeretsa, monga anaganizira Pilato posamba m'manja pamaso pa khamu. Kumapeto timuona akuyenda ali m'tulo, kandulo ili m'manja, akupukuta banga limene wina aliyense sakuliona. Dokotala atamuyang'ana ananena kuti mayiyu akusowa munthu wa Mulungu koposa mankhwala. Koma palibe amene anaitanidwa. Banja limeneli linavutika ndi chikumbumtima usana ndi usiku, osaulula kwa wina aliyense, ndipo chikumbumtima chosaululacho chinasanduka mantha. Mantha ndiwo anapha Banquo. Mantha omwewo anatuma achiwembu ku Fife kukapha mkazi ndi ana a Macduff, mkulu wa dera limenelo, anthu osalimbirana mpando ndi munthu. Macbeth anafika ponena kuti walowa m'magazi mpaka pakati, kubwerera ndi kupitirira zafanana. Amene munawolokapo Revubwe madzi atakwera mukudziwa mtima umene umabwera pakati pa mtsinje. Komatu linali bodza lodzinamiza. Davide atapha Uriya analowanso mozama chomwecho, koma Natani atamuuza kuti munthuyo ndi iyeyo, anavomera pomwepo, ndipo Salimo 51 tili nalo mpaka lero.

Abambo, musatuluke m'seweroli mukugwedeza mutu kuti "akazi ndi oopsa". Mayiyo anakankha pa imfa yoyamba yokha. Za Banquo mwamuna wake anachita kumubisira, ndipo ku Fife anatumako anthu payekha.

Achinyamata, inunso kumbukirani kuti sewero si mbiri. Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, Duncan anafera kunkhondo osati pamphasa, ndipo mu 1050 Macbeth anapita ku Roma kumene anagawira osauka ndalama. Wolembayo anakometsera nkhani m'masiku a mfumu James ya ku England ndi Scotland, imene inkati ndi mdzukulu wa Banquo. Ndapempha atsogoleri anu kuti mfiti zija zisavale za gule kapena chilichonse chonyoza anansi athu. Nsalu zakuda n'zokwanira, ndipo musatalikitse gawo lawo pofuna kuseketsa anthu.

Tsono mwezi wamawa tikusankha akulu ampingo ndi atumiki. Kufuna udindo si tchimo, Paulo anauza Timoteo kuti wofuna uyang'aniro akufuna ntchito yabwino. Koma zandifika kuti ena ayamba kuyenda m'makomo usiku, ndipo mayina a anzawo akutchulidwa pamodzi ndi nkhani zimene palibe anaziona ndi maso. Sinditchula munthu. Ngati mwanenapo kanthu kotere, kapena munamva bodza n'kuyang'ana pansi monga ndinachitira ine, pitani kwa mwiniwakeyo chisankho chisanafike. Amene miyendo ikulemera, bwerani tipitire limodzi. Ndimapezeka kuvesitili Lachitatu ndi Lachisanu masana, ndipo zimene tidzakambe kumeneko zidzathera komweko.

Seweroli lidzachitika Loweruka la msonkhano wa achinyamata, tikatha kudya nsima yamasana. Amayi a chigwirizano atithandize mphasa, ndipo a m'milaga yakutali monga ku Domwe anyamuke m'mawa kuti adzabwerere kusanade. Pitirizani kupempherera odwala athu ndi mabanja amene ali pa maliro.

Chisomo cha Ambuye Yesu chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu.